Nyumba ya Sabata Imodzi

Lolemba, 12 Ogasiti

Ndaganiza, ndipo sindibwerera m'mbuyo. Tikugula nyumba ya holide.

Osati nyumba yonse. Eni ake amati timeshare. Kanyumbako kali kumpoto kwa Birmingham, ulendo wosatopetsa pagalimoto, kuseri kwa paki ya masewera, kuja kuli akatungwe a magetsi ndi tisitima toyenda chadodolido. Umagula sabata imodzi pachaka. Sabata imeneyo kiyi ndi wako, bedi ndi lako, chaka ndi chaka mpaka kalekale. Masabata enawo ndi a anthu ena. Zomveka bwinobwino.

Loweruka ndinapita kuhotela ina m'tauni kukamvera nkhaniyi. Kunena zoona ndinkatsata chakudya cham'mawa chaulere ndi matikiti awiri olowera kupaki. Polowa ndinadziuza kuti mwana wa ku Mponela sanyengedwa ndi soseji. Potuluka ndinali ndi kabuku konyezimira, cholembera, ndi nambala ya Gary.

Gary ndiye wogulitsa. Mano oyera kuposa malaya ake. Dzina langa linamukanika, ndiye amangoti "mate". Akuti mtengo wandipatsawu ukutha Lamulungu lino madzulo, ndisaine lisanalowe dzuwa.

Zifukwa zogulira:
1. Tadala.
2. TV ya pabalaza ndi yaikulu ngati chitseko.
3. Panja pali chibafa cha madzi otentha, chotumphuka thovu.
4. Gary akuti ndikamwalira sabatayo idzakhala ya mwana. Cholowa!
5. Tadala.

Tadala, mwana wathu yekhayo. Zaka 18. Zotsatira za mayeso zikutuluka Lachinayi. Akakhoza kwambiri akupita ku yunivesite ya ku Aberdeen, kutali kumpoto, kukaphunzira za miyala, ngati kuti ku Birmingham kuno miyala inatha. Akakhoza pang'ono atsala pa yunivesite ya konkuno, azigona m'chipinda chake chomwechi.

Mwana uyu sitinapite nayepo ku holide. Livu yathu timaisunga ngati mbewu, kuopa maliro kumudzi. Tikapita kwathu, kamodzi pa zaka zingapo, iye amakangokhala pamphasa atamanga chitenje chokhota, akupereka moni kwa anthu amene sawadziwa. Anzake akusukulu amabwera mu Seputembala atapsa ndi dzuwa la ku Spain, iye atapsa ndi utsi wa pasiwa.

Ali wamng'ono tinkakhala m'chipinda chimodzi ku Small Heath. Mayi ake ndi namwino, ndipo akachokera ku naiti ankafunika kugona. Mwana wa zaka zinayi sungamutseke pakamwa. Ndiye Lamulungu ndinkamuveka jekete n'kukwera naye basi ya 11, ija imazungulira Birmingham yense n'kubwerera pomwe yayambira. Pamwamba, mpando wakutsogolo, tchipisi m'pepala. M'basimo munkafunda ndipo tikiti inali imodzi. Holide yomwe ndinampatsa mwana wanga ndi imeneyo. Ndikakumbukira manyazi amandigwira mpaka lero.

Pulani: ndigule sabata ya mu Ogasiti. Kaya adzakhala ku Aberdeen, kaya kuti, azidziwa kuti pali sabata, pali nyumba, pali bambo ake akumudikira.

Mayi a Tadala sindinawauze. Sabata ino ali pa naiti ku chipatala cha New Cross, ku Wolverhampton, ndipo nkhani ngati iyi imafuna munthu atagona mokwanira, atadya.

Ndangouzako a Zimba okha, mkulu wa mpingo, a ku Chipata, kuti andipatse nzeru. Ndawapempha kuti zithere pompo. "Osadandaula, ine nilibe kamwa."

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Ndalambula njira. Mbale ndatsuka, mayunifolomu ndasita, mbatata ndawiritsa, tiyi wa mkaka wambiri. Mayi a Tadala adzuka masana, ayang'ana kukhitchini, ayang'ana ine.

"Mwagunditsa galimoto?"

Ayi. Ndaika kabuku patebulo. Akatsegula ndi chala chimodzi, mmene amachitira poyang'ana bala la wodwala.

Mafunso awo, monga mmene abwerera:
- Masabata enawo, pamatiresi amenewa pamagona ndani?
- Mbale zimenezi amatsuka ndani? Anthu akuno satsukuluza sopo.
- Usipa ndikakazingira kuti, poti apa alemba kuti kachipangizo ka utsi kakalira mulipira?
- Livu ya Ogasiti mwaitola kuti? Pawodi pathu Ogasiti timamulimbirana ngati feteleza wa makuponi.
- Amayi anga akadwala sabata yomweyo, ndipite ku Zomba kapena ndikakwere katungwe?

Ndayankha onse. Ena ndi mawu, ena ndi kutsokomola.

Lomaliza: "Mwini wakeyo, Tadala, mwamufunsa?" Ndati ndi sapulaizi. Andiyang'ana nthawi yaitali, tiyi ali m'manja. "Si nyumba mukuifunayi inu, bambo a Tadala." Atenga chikwama, apita kukakwera sitima ya ku Wolverhampton.

Sananene kuti ayi. Ndikulemba pano kuti pakhale umboni: sananene kuti ayi.

Tadala watsika kamodzi lero. Watenga yogati mufiriji, wandisisita padazi. "You okay, Dad?" Ndamuyankha m'Chichewa monga mwa masiku onse, wagwedeza mutu m'Chingerezi, wakweranso. Mantha a Lachinayi amutsekera m'chipinda.

Pemphero la madzulo landivuta. Pakamwa pakuti, "Ambuye, akhoze." Koma pansi pa mtima pali kamunthu kena kakunong'ona kuti, "Akhoze, koma pang'ono." Bambo wanji ine? Ndati ameni mothamanga, ngati Mulungu samva zapansi.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Foni yandidzutsa, ikunjenjemera patebulo. Gulu la mpingo la pa WhatsApp. A Zimba, aja opanda kamwa: "Abale, tiyamike! Bambo a Tadala agula nyumba ya maholide. Mulungu akali kugwira nchito." Pansi pake timanja topemphera, timoto, tinyumba, mpaka chala kutopa.

Ofuna kubukitsa pofika masana:
- Amayi a kumpingo, mapemphero a masiku atatu. Ati ndisavutike, matiresi ndi mapoto abweretsa okha.
- Achinyamata, pa Isitala.
- Banja la a Kamanga, hanimuni ya mwana wawo. Mwanayo chibwenzi alibe n'komwe.
- Mayi wina wa ku Coventry yemwe sindinamuonepo. Akunditchula malume.

Abusa aimba okha. Akuti nyumba salowamo isanadalitsidwe, ndiwapatse tsiku, abwera ndi kwaya. Ndati abusa, m'malamulo ake alemba kuti anthu asapose anayi. Aseka. Ati ana sawerengedwa.

Ndayamba kulemba pagulu kuti sindinagule. Ndafufuta. Ndalembanso. Ndafufutanso. Vuto n'lakuti kuyamikiridwa kumakoma. Zaka zonsezi ndine uja wopinda mipando ndi kulumikiza maikolofoni, lero akuti "bwana landilodi". Ndilongosola Lamulungu, ndikakhala nditasaina. Pamenepo lidzakhala si bodza kwenikweni.

Masana nkhani yawoloka nyanja. Achimwene aimba kuchokera ku Mponela, tambala akulira kumbuyo. "Mwachita zamzeru, mng'ono wanga. Koma nyumba siikhala yopanda munthu, akuba angazule mafelemu. Yamikani wanga akungokhala chimalizireni Fomu 4. Mutumizireni tikiti azikakulonderani. Ngati kuseri kuli kamalo azidzalako mpiru."

Ndalongosola modekha. Nyumba ndi yanga sabata imodzi pachaka.

"Ndiye mwagula kapena mwachita lendi?" Kugula. "Nanga mukachoka amalowamo ndani?" Anthu ena. "Achibale?" Ayi, sindikuwadziwa. Tambala waliranso. "Mng'ono wanga, kodi uko munayamba kumwa?"

Ndimati ndidule, ndamva amayi akulankhula chapatali. Mawu awo anachepa masiku ano. "Mufunseni, ngati wagula nyumba kumeneko, ndiye kuti kuno sabweranso?"

Netiweki yathawa ndisanayankhe, ndipo sindinaimbenso. Tsiku lonyamuka, pabwalo la ndege ku Lilongwe, ndinawagwira dzanja n'kuwauza kuti ndizibwera chaka chilichonse. Ndinkanenetsa, ndipo sindinkanama. Maulendo omwe ndapitako ungawerenge pazala, zina n'kutsala.

Gary watumiza uthenga wa chala chachikulu choloza m'mwamba. Sindinamufunse kanthu.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Wakhoza! Osati pang'ono, wakhoza kotheratu!

Kukuwa kwachokera m'chipinda chapamwamba. Mayi ake angolowa kumene kuchokera ku naiti, nsapato imodzi ili kuphazi. Aimba nthungululu pamasitepe mpaka aneba athu, a Hussain, agogoda kufunsa ngati kuli kwabwino. Atamva, abwerera kwawo, abweranso ndi mbale ya maswiti a mkaka.

Ine ndavina. Ndavinadi, bondo likulira. Kamunthu ka Lachiwiri kaja kachita manyazi, kabisala.

Kenako ndati ndikukagula mkaka. Mkaka ulimo mufiriji, ndipo mayi a Tadala akudziwa. Ndaimika galimoto pasupamaketi, ndatsegula mapu pafoni. Aberdeen. Chala chikukankha, chikukankha, osafika. Ukapitirira pamenepo ndi madzi okhaokha. Ndalira m'galimoto muja. Ndikunyada ndipo ndikulira, zonse pakamodzi, ndipo sindikudziwa kuti chachikulu n'chiti.

Tsopano ndiye nyumba ija ikufunika zenizeni.

Ndamuimbira Gary. "Congratulations, mate!" Kenako watsitsa mawu ngati akulengeza maliro: masabata a Ogasiti atha. Atha liti? Dzulo. Yatsala imodzi ya "premium". Watchula mtengo wake, ndamufunsa ngati akugulitsa ndi paki yomwe. Chomwe thumba langa lingakwanitse ndi sabata yachitatu ya Januwale. Akuti ndi nthawi yabata, anthu ozindikira amasankha imeneyo.

Ubwino wa Januwale:
1. Livu ya Januwale palibe amailimbirana.
2. Kulibe udzudzu. Ogasiti nakonso kulibe, koma tiwerengebe.
3.

Chachitatu chibwera mawa.

Matikiti aulere aja akuthanso sabata ino. Ndamufunsa Tadala mongoyerekeza ngati mawa ali ndi chochita. "Going out with the girls, Dad." Akupita kukasangalala ndi anzake, ndipo n'zoyenera. Mayi ake agona. Ndipita ndekha, ndikaone katundu wanga ndi maso.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Ndavala jekete ya kutchalitchi, poti ndikupita kukayendera malo. Paki yonse wovala jekete ndine ndekha. Anthu awiri andifunsa njira ya kuchimbudzi.

Pageti ndapereka tikiti imodzi. Inayo yatsala m'thumba.

Zomwe ndaona:
- Mizere. Wa kasitima, wa chimbudzi, wa madzi. Ndinasiya mizere ya shuga kwathu, lero ndikufuna kulipira kuti ndiziima pamzere chaka ndi chaka.
- Botolo la madzi, mtengo wa nkhuku yamoyo pa Mponela.
- Anthu akukuwa m'mwamba ngati kwagwa zovuta. Akatsika akuseka, akubwereranso kumzere.
- Chikwangwani pa kasitima ka chadodolido: a BP, a msana, a mtima asakwere. Alemba ine ndendende, angosiya dzina.

Ndakwera timakapu tozungulira, ta ana. Andiika kapu imodzi ndi kamtsikana kovala mapiko ndi agogo ake aakazi. Kamtsikanako kagwira chiwongolero, kazunguza mopanda chifundo. Ndapemphera m'zilankhulo ziwiri. Potsika ndikuyenda chammbali, agogo aja andigwira mkono mpaka pabenchi. "You sit there, bab." Ndakhala.

Kanyumba ndakaona. N'kokongola, sindikana. Mtsikana woonetsa nyumba wandiuza kuti ndivule nsapato. M'nyumba mwanga! TV ndi yaikuludi. Chibafa chikutumphukadi. Kuseri kulibe malo a mpiru, achimwene apepese. M'kabati ndapeza kapu yolembedwa "Best Grandad", ya mwini mnzanga wina amene anaiwala. Ndaibwezera pomwe inali, mwina sabata yake ikubwera.

Potuluka, pageti pomwe paja, chikwangwani chachikulu chomwe m'mawa ndinachidutsa: paki imatseka mu Novembala, imatsegulanso mu Malichi. Ndawerenga miyezi pazala ngati mwana wa Sitandade 1. Januwale ali pakati penipeni.

Gary pafoni: nyumba imakhala yotsegula, "mate", chotseka ndi paki yokha. Ndipo sabata yanga ndikhoza kuisintha ndi mapointi. Mapointiwo andipatsa chiyani? Sabata ina, ngati ilipo. Ilipo? "Subject to availability." Mawu amenewa ndimawadziwa. Ndi mmene anthu akuno amakanira akumwetulira.

Koma chomwe chandikhala pamtima si Januwale. Ndi zomwe ndinaona nditakhala pabenchi paja, mutu ukuzungulirabe. Ana onse ogwira dzanja la bambo awo ndi aang'ono, ofika m'chiuno. A msinkhu wa Tadala abwera okhaokha m'magulu, kholo palibe. Bambo wina wanyamula kamnyamata pakhosi, ayisikilimu ikumudonthera pamutu, iye osasamala n'komwe. Malo ano ndinayenera kubwera naye zaka khumi zapitazo. Ndachedwa. Nthawi imeneyo tinali pa 11, tikudya tchipisi.

Pobwerera wailesi sindinatsegule. Tikiti yachiwiri ndaiika m'Baibulo, pa Masalimo, izisunga tsamba.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndavala magalasi, ndawerenga mapepala onse a Gary, ngakhale timalemba tija tating'ono ngati nyerere.

Zomwe sananene pa soseji paja:
- Chaka chilichonse pali ndalama yokonzera nyumba. Upite, usapite, ulipira.
- Ndalamayo imakwera. Sanalembe poimira.
- Ukafuna kugulitsa, dzipezere wekha wogula. Ndayang'ana pa intaneti: anthu akupereka masabata awo ulere, ena akuchita kuchonderera.
- Ukamwalira zonsezi zimapita kwa ana. Cholowa chija ndi chimenechi.

Bambo anga anandisiyira munda wa m'dambo. Ine ndimafuna kusiyira mwana wanga bilu ndi paki yotseka.

Komabe ndinali ndisanagonje. Ndinati mwina Januwale m'chibafa chotentha, atatu, chipale chofewa chikugwa, si zoipa. Ndili pakati poganiza zimenezo Tadala walowa m'khitchini, foni m'manja. "Dad, why is Auntie Zimba asking about our mansion?" Nkhani ya nyumba yamupeza kudzera kwa akazi a a Zimba. Waona kabuku patebulo. Wawerenga mapepala aja mwachangu, choimirira, akudya tositi.

Ati Januwale paki n'njotseka. Ndati ndikudziwa. Ati Januwale iye adzakhala m'kalasi ku Aberdeen. Zimenezo sindinaziganize. Ati ndiye ine ndikafa bilu ibwera kwa iye? Waseka. Osati mwachipongwe, koma waseka mpaka kugwira tebulo.

Ndakwiya. Ndalankhula mokweza, Chichewa cha ku Mponela chosasakaniza. Ndati ndikufuna pakhale tsiku loti uzibwera. Ndati sindinakupatsepo holide ngakhale imodzi, ndinkangokuzunguliritsa pa 11 ngati katundu wosowa mwini. Ndati ukapita uko sudzabwera, ndikudziwa, chifukwa nanenso ndinapita.

M'khitchini ketulo yazima yokha.

Sindikudziwa kuti wamvapo zingati. Chichewa chake chimathera pa moni ndi chakudya. Watseka kabuku, wakaika bwinobwino patebulo, wakwera kuchipinda. Tositi waisiya.

Mayi a Tadala anaima pakhomo nthawi yonseyi, atafunda chitenje. Ndimayembekezera ulaliki. Angondigwira paphewa. Kenako: "Mawa kutchalitchi mukadzinenera nokha. Ine ndikakhala kumbuyo."

Tositi ndadya ine.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Nthawi ya zolengeza a Zimba andiitanira kutsogolo. Anthu aomba m'manja. Abusa atulutsa kabotolo ka mafuta, atsegula. Akuti poti nyumba ili kutali, ayambe adalitsa makiyi.

Ndati, "Abale, makiyi kulibe. Nyumba kulibe." Ndalongosola za sabata imodzi, za Januwale, za mapointi. Nkhope zawo zikundiuza kuti achimwene sanali okha. Kumbuyo mayi wina wati, "Satana ndi wabodza." Abusa, poti mafuta anali atatsegula kale, andidzoza ine pachipumi, apemphera kuti chomwe mdani walanda chibwerere kasanu ndi kawiri. Ndati ameni, koma mumtima ndapempha kuti chisabwerere.

Amayi a mapemphero a masiku atatu sakundiyang'ana. A Zimba ati ndikanawauza kuti n'zachinsinsi. Ndapinda mipando monga mwa masiku onse.

Panja Tadala watenga makiyi a galimoto m'thumba mwanga, wapereka kwa mayi ake. "Tiyeni, adadi." M'Chichewa. Ndamutsata osafunsa, mafuta akuyenderera pamphuno. Tatsika Stratford Road mpaka ku Hall Green. Wagula tchipisi ndi ndalama yake. Yabwera 11.

Pamwamba. Mpando wakutsogolo. Panali tianyamata tiwiri, wangotiyang'ana, tasamuka tokha.

Akukumbukira zonse, zomwe ine ndinaiwala dala. Pomwe nthambi za mitengo zimamenya denga, ine n'kumati "bisa mutu". Pomwe mphepo imanunkhira chokoleti cha kufakitale. Ati ankakhulupirira kuti basiyi ndinkayendetsa ndine, chifukwa ndinkagwira chitsulo chakutsogolo n'kumalira ngati injini. Ati kusukulu akawauza kuti ajambule holide, iye ankajambula basi, ndipo anzake ankasirira kuti amapita sabata iliyonse. Ati sankadziwa kuti tinkathawa m'nyumba kuti amayi agone. "It was the best day of the week, Dad."

Ndayang'ana pawindo nthawi yaitali, ngati ku Kings Heath kuli chachilendo.

Kenako wakonza pakhosi, walankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha. Zikuoneka kuti dzulo anamva zonse. "Ndizibwera, adadi. Chaka chilichonse."

Mawu omwe aja. Akunenetsa, ndipo sakunama. Ine ndikudziwa zomwe zimabwera pambuyo pake: ntchito, rota ya mashifiti, mwamuna, ana, mtengo wa tikiti. Palibe kiyi amene angaletse zimenezo, ngakhale wa Ogasiti. Sindinamuuze. Ndangoti chabwino, mwanawe.

Gary waimba. Waimbanso. Foni ikunjenjemera m'thumba la jekete, ndaisiya itope yokha. Dzuwa likapendeka mtengo wake utha, ndipo ndikukhulupirira kuti mawa udzuka uli bwinobwino kudikira munthu wina wokonda soseji.

Ndiye timeshare n'njoyenera kugula? Amene ali ndi ana ofika m'chiuno, livu ya Ogasiti, msana wolimba ndi mpingo wosadziwa WhatsApp, aganize okha. Ine zandikanika.

Ndatumiza uthenga kwa achimwene. Yamikani apitirize kufuna ntchito. Ndipo awauze amayi kuti nyumba sindinagule, Januwale ndikubwera. Livu ya Januwale palibe amailimbirana.

Tadala wagona. Mutu uli paphewa langa ngati kale, kungoti tsopano ukulemera. Ndikulemba izi pafoni ndi dzanja limodzi, linalo lachita dzanzi. Mwezi wamawa ndimunyamulira masutikesi mpaka ku Aberdeen, ndibwerako ndekha. Tchipisi chazizira. Siteji yathu ndi iyo ikubwera apo, ndipo belu lili pafupi ndi chala changa.

Sindiliza. Tizungulirenso.